Tsiku Limene Phiri la Ndatopa Linagwada

Ufumu wa Zilibwino unali dziko la anthu amwayi. Kumeneko kunalibe njala. Kunkangokhala nyengo zina zimene anthu ankapumitsa nsagwada. M'misewu munalibe maenje, munali malo opumirapo matayala. Wofuna umboni wa zonsezi ankangotsegula wailesi, imene inali imodzi yokha m'dziko lonse kuti anthu asavutike ndi kusankha.

Mfumu yake inali Sindilakwa Wachitatu, mwana wa Sindilakwa Wachiwiri, mdzukulu wa Sindilakwa Woyamba. Pa mibadwo itatu yonseyo m'banja limeneli simunapezekepo cholakwa. Anthu angapo amene anati achiona ndi amene anasowa.

Likulu la ufumuwo linali m'tsinde mwa phiri lalikulu lotchedwa Ndatopa. Pakati pa phirilo panatsika khwawa, ndipo kumene khwawalo linkathera kunali dera la Tidzaona, kwa anthu wamba, ndi msika wake wa Bolakunthazi. Kale phirilo linali ndi nkhalango yowirira. Koma Mfumu itakwanitsa zaka makumi awiri pampando, nduna zinaona kuti mitengoyo ikuphimba chiboliboli chake chimene anachiimika pachifuwa pa phirilo. Anaidula yonse. Kenako anasema msewu wopita kuchiboliboliko, n'kugawana mapuloti m'mbali mwake, poti kamphepo ka kumtunda kamathandiza nduna kuganizira bwino anthu osauka.

Ku Tidzaonako n'kumene kunabadwira Mwandida Kamtengeni, mwana wa kalipentala. Mutu wake unali wakuthwa, moti anapita kudziko loyandikana nalo kukaphunzira za nthaka ndi miyala. Atabwerako anamulemba ntchito ku Unduna wa Mapiri ndi Zigwa, n'kumupatsa kachipinda ka kumapeto, koyang'anizana ndi chimbudzi. M'kachipindamo munali kompyuta imene alendo akufuna kwabwino anasiya, yomwe kwa zaka zitatu inatumikira dziko pothandiza makalaliki kusewera makadi.

Mwandida anaipatsa ntchito ina. Kwa zaka ziwiri anakwera ndi kutsika phiri la Ndatopa mpaka nsapato kuthera m'njira. Ankayeza kutsetsereka kwa malo alionse. Ankakumba maenje kuti aone kuzama kwa dothi lisanafike pathanthwe, n'kutapako lina m'timatumba kuti akaone kuchuluka kwa madzi amene limamwa lisanasanduke phala. Anaika zitini zoyezera mvula, ngakhale zina anthu anazithandiza kusamuka n'kukakhala zotungira madzi. Anafunsanso nkhalamba za ku Tidzaona kuti napolo wa m'nthawi ya Sindilakwa Woyamba, chigumula chija cha matope ndi miyala, anadutsa pati. Kuofesi sakanapeza yankho, pajatu m'mabuku a boma napolo ameneyo sanachitike.

Zonsezi anazilowetsa m'kompyuta, ndipo kompyutayo inaumba phiri lake pagalasi, lofanana ndi Ndatopa khwawa ndi khwawa. Anayamba waiyesa ngati imanena zoona. Anabwezeretsa mitengo paphiri la pagalasilo n'kugwetsapo mvula ya chaka cha napolo wakale uja. Matope anatsika n'kukaima pamkuyu wa kuseri kwa msika, pomwe nkhalamba zija zinaloza. Apo Mwandida anadziwa kuti makinawa sabwebweta.

Kenako anachotsa mitengo ija n'kusemapo msewu wa nduna. Anagwetsa mvula ya tsiku limodzi, phiri linangonyowa. Ya masiku awiri, panaoneka ming'alu pamwamba pa msewu. Atagwetsa mvumbi wa masiku atatu, chifuwa chonse cha phirilo chinagumuka, n'kutsika m'khwawa ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Kuchoka pachiboliboli kufika pamsika matopewo anatenga mphindi zisanu ndi imodzi, nthawi yongokwanira mayi kubereka mwana n'kufunafuna nsapato inayo.

Anabwereza kambirimbiri, kuchepetsa apa, kuwonjezera apo, kufuna kuti kompyuta isinthe maganizo. Inakana. Choncho anajambula mapu: malo obiriwira ndi otetezeka, achikasu ndi okayikitsa, ofiira ndi njira ya napolo. Nyumba ya bambo ake inali pakatikati pa kufiirako.

Anayamba wakauza iwowo. Anawapeza a Kamtengeni akupala thabwa pakhonde, kawailesi kakulankhula pazenera.

"Bambo, nyumba ino ili panjira ya madzi. Dzinja lino kukabwera mvumbi, phiri litsika."

A Kamtengeni anauzira utuchi umene unali pathabwapo. "Nyumba ino ndinamanga iwe usanabadwe. Mayi ako anafera muno. Phiri ili lakhala likundiona zaka makumi anayi, ndipo sitinayambanepo."

"Nthawi imeneyo linali ndi mitengo."

"Kukanakhala choopsa wailesi ikananena. Boma lili ndi maso ambiri kuposa kabokosi kakoko. Mwana wanga, kusukulu ndinakutumiza ndine. Usandichititse manyazi pomaopseza anthu."

Mawa lake Mwandida anapereka mapuwo kwa bwana wake, Nduna ya Mapiri ndi Zigwa, a Ndadyakale. Iwo anawagwira chozondoka n'kusirira mitundu yake.

"Zokongola! Izi ndiye Mfumu izione, idziwe kuti unduna wanga ukuyenda ndi makono."

Sanafunse kuti mitunduyo ikutanthauza chiyani. Kufunsa kumachepetsa munthu wamkulu.

Bwalo la nduna linkakumana m'holo yaikulu, Mfumu ili pampando wokwera ndi masitepe asanu ndi awiri. Mwandida analowa atasenza kompyuta, anagwada, n'kulumikiza mawaya. Galasi litangoyaka, nduna zinaomba m'manja. Phiri litaoneka zinaombanso. Mvula itayamba kugwa pagalasipo, nduna ina inasuzumira kudenga.

Kenako phiri linagumuka, ndipo choyamba kupita chinali chiboliboli. Kadontho kakuda kamene kanali Mfumu kanatembenuzika kawiri n'kumira m'matope.

Nduna zina zinali zitakweza kale manja kuti ziombe, ndipo zinangowasiya m'malere momwemo, kudikira kuona nkhope ya Mfumu.

"Wagwetsedwayo ndani?" inafunsa Mfumu.

"Ndi chiboliboli, Atate a dziko," anayankha Mwandida ali chigwadire. "Koma chachikulu ndi anthu a ku Tidzaona. M'malo ofiirawa muli anthu oposa zikwi zinayi. Tikawasamutsira pa Chitunda cha Mbuzi mvula isanayambe, palibe amene angafe."

"Chachikulu ndi anthu," inabwereza Mfumu pang'onopang'ono, ngati ikulawa mankhwala owawa.

A Ndadyakale anadzuka thukuta lili kamukamu. "Atate a dziko, mayiyu ndikumuona koyamba lero."

Pamenepo anaimirira a Musadandaule, Nduna ya Bata ndi Nkhani Zabwino, munthu amene mano ake ankakhala panja nthawi zonse chifukwa cha ntchito.

"Mayi, mvula yagwa m'bokosimuyi, wailamula ndani?"

"Ndine, bwana. Ndi yongoyerekeza."

"Ndiye kuti mumakhala muofesi ya boma, pamagetsi a boma, n'kumayerekeza kugwetsa Mfumu?"

"Sindikugwetsa Mfumu, bwana. Ndikuonetsa zimene dothi lingachite likakhuta madzi."

"Dothi lake la kuti?"

"La phiri la Ndatopa."

"Phirilo ndi la yani?"

"La Mfumu."

"Mwadzimvera nokha, anduna anzanga. Akuti dothi la Mfumu likukonza chiwembu."

M'holomo munabuka phokoso. Nduna ina inati phirilo alisamutse pamapu, aliike kumalire, likagwa likagwere adani. Ina inati mvula iziloledwa kugwa masiku awiri okha, lachitatu izipuma monga antchito onse a boma. Nduna ya Zaumoyo, yomwe inali itangodzidzimuka kutulo, inati ikugwirizana ndi onse awiri. Mfumu inakweza chala, phokoso n'kuduka.

"Bwerezani," inauza Mwandida, "koma ulendo uno mugwetse mvula yokonda dziko lake."

Mwandida anachepetsa mvula. Phiri la pagalasi linaima njii. Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhatho kutentha.

"Mwaona? Nanga poyamba paja munalekeranji kutero?"

"Atate a dziko, mvula ya kunjaku sindiichepetsa ndine."

"Imeneyo tisiyireni ife," inatero Mfumu, bwalo n'kuthera pomwepo.

Masana omwewo wailesi inalengeza malamulo atsopano. Mtundu wofiira unaletsedwa pamapu onse. Kuyambira tsiku limenelo malo onse m'Zilibwino anali obiriwira. Mawu akuti napolo anachotsedwa m'chiyankhulo cha dzikolo. Ndipo phiri la Ndatopa linalamulidwa kulumbira kuti lidzakhala lokhulupirika kwa Mfumu.

Mwambo wolumbiritsawo unachitika Loweruka. A Musadandaule anakwera kuchiboliboli ndi gulu la oimba malipenga, n'kufunsa phirilo katatu konse ngati lili ndi dandaulo. Phiri silinayankhe. Iwo analengeza kuti wokhala chete wavomera, n'kukulunga mwala wina ndi nsalu ya nkhope ya Mfumu.

Kompyuta inamangidwa pa mlandu wofalitsa mantha. Mkulu wa apolisi, a Tsekapakamwa, anabwera kudzaigwira okha ndi anyamata awo asanu ndi mmodzi. Atasowa poika unyolo anangomanga waya wake mfundo. Anaitsekera m'chitokosi cha kundende yaikulu, kutali ndi Tidzaona, ndipo zinamveka kuti inakana kuyankha mafunso onse, zomwe zinatsimikizira kuti ndi chigawenga chokhwima.

Mwandida sanamangidwe, poti Mfumu inali yachifundo. Anakwezedwa pantchito kukhala Mkulu Wopaka Miyala Laimu, woonetsetsa kuti miyala ya mumzinda ikhale yoyera Mfumu ikamadutsa. Anamupatsa ndowa ndi bulashi.

Kumsika wa Bolakunthazi nkhani inali yomweyo. A Nangozo, mayi wojintcha wogulitsa tomato, amenenso anali mtsogoleri wa amayi a pamsikapo, ananyamula tomato mmodzi wakupsa bwino n'kumuonetsa anzawo.

"Anzanga, uyu ndi wamtundu wanji? Ndikufuna ndidziwiretu ndisanamangidwe."

"Ndi wobiriwira wakupsa," anayankha mayi wogulitsa makala.

"Koma akuti phiri lalumbira," anatero mayi wina, "ndiye tigone mtima uli m'malo."

"Amuna anga analumbiranso, kutchalitchi, ansembe akuona," anatero a Nangozo. "Pano ali pa mkazi wachitatu."

Masiku oyamba Mwandida ankayenda ndi ndowa yake atazolika. Anthu amene anamuvinira popita kusukulu ankamufunsa ngati kunjako ankaphunzira kugwira bulashi. Bambo ake anasiya kumutchula akamacheza ndi anzawo. Kangapo konse anaganiza zongowoloka malire, kubwerera kumene anthu amamvetsera. Koma akatseka maso ankaona mapu aja, mzere ndi mzere, ndipo tsiku lina anakumbukira kuti palibe amene anamuuza miyala yoti apake.

Anayambira pamwamba pa Tidzaona, kupaka mwala uliwonse umene unali m'malire a kufiira kuja, mbali iyi ya khwawa ndi mbali inayo. Atamaliza anapaka mzere wina wochoka pamsika kukwera ku Chitunda cha Mbuzi, modutsa mosawoloka madzi. Akuluakulu a boma ankamuyamikira kuti tsopano wapeza luso lake lenileni.

A Nangozo anamuyang'anitsitsa kwa mlungu wathunthu, kenako anamuitana.

"Mwana wa a Kamtengeni, kodi Mfumu idzadutsa kuseri kwa zimbudzi za msika? Miyala yakoyi ikulowera kumene galimoto singapite."

"Ine ndimangopaka, amayi."

"Paka. Koma tandiuza, munthu wofuna tulo tabwino agone mbali iti ya mzerewu?"

Mwandida anayang'ana uku ndi uku. "Malo onse ndi obiriwira, amayi. Koma kunja kwa mzerewu n'kobiriwira kwambiri."

"Nanga mlendo uja tinamulanda dzinayu, amabwera liti?"

"Mvula ikagwa masiku atatu osakata. Mukadzaona kasupe wa m'khwawa waphwa mvula ili mkati, musadzadikire kuphula mphika. Mudzatsate miyala yokwera kuchitunda."

Pofika madzulo msika wonse unali utadziwa, ngakhale palibe amene anauza mnzake. Mabanja angapo anayesa kusamukiratu. Apolisi anawabweza ndi katundu wawo yemwe, chifukwa kuthawa pamalo obiriwira kunali kunyoza mapu a Mfumu. Ena onse anangokhala. Apite kuti? Munthu sathawa denga lake chifukwa cha mzere wa laimu.

Mvumbi unayamba Lachiwiri lina la mwezi wa Febuluwale. Lachitatu wailesi inati kukuwaza pang'ono. Lachinayi m'mawa Mwandida anakwera phiri podzera njira za mbuzi. Pamwamba pa msewu wa nduna anapeza mng'alu wolowa mwendo wonse, wautali osaona pothera. Mapolo a magetsi anali atapendekeka ngati zidakwa zochokera kumowa. Atatsikira m'khwawa anapeza kasupe uja ali gwaa, mvula ikukhuthuka chonchi. Madzi onse anali akulowa m'mimba mwa phiri.

Anafika pamsika ali wefuwefu, matope mpaka m'mawondo.

"Amayi, ndi lero."

A Nangozo anasiya tomato. "Tikakuwa kuti thawani, atimanga ife, otsalawo n'kuwabwezera m'nyumba." Kenako anatembenukira kwa Mwandida. "Kodi m'dziko muno ndi chiyani chimene munthu saloledwa kukana?"

"Kuvinira Mfumu."

"Basi."

Posakhalitsa amayi makumi atatu anali atamanga nsalu za nkhope ya Mfumu m'chiuno, akulowera kupolisi ya Tidzaona ndi nthungululu. A Nangozo anagwada pamaso pa a Tsekapakamwa.

"Bwana, ife amayi a ku Tidzaona takonza gule wothokoza Atate a dziko chifukwa cha mvula yokonda dziko lakeyi. Tivinira pa Chitunda cha Mbuzi kuti chiboliboli chizitiona bwino. Koma tabwera ndi chisoni. Alipo ena akukana kubwera, akuti kukugwa mvula."

"Akukana?" A Tsekapakamwa anaimirira, mpando n'kugwa. "Kukana kuvinira Mfumu? M'dera langa?"

Chikhalire cha ufumu wa Zilibwino apolisi anali asanagwirepo ntchito yolongosoka ngati ya tsiku limenelo. Analowa nyumba ndi nyumba, kusuzumira pansi pa mabedi, kugogoda m'zimbudzi. Odwala anawanyamula pamachira kuti akavine chogona. Osaona anawagwira dzanja. Mayi wina amene anali atangochira dzulo lake anamukweza pawilibala ndi khanda lake lomwe. Anthu ankatukwana chamumtima, koma amene anadziwa tanthauzo la miyala yoyera ankatuluka atamanga kale timitolo, akuti ndi zovinira.

Mwandida anathamangira kwa bambo ake. Anawapeza atavala kale jekete la kutchalitchi, wapolisi akudikira pakhonde.

"Ukuona, mwana wanga?" anatero a Kamtengeni akukiya chitseko. "Boma likafuna anthu limatumiza uthenga bwinobwino. Osati zomaopsezana zija."

"Inde, bambo. Tsatani miyala."

Panatsala anthu khumi ndi awiri, asilikali olondera chiboliboli. Mwandida anapeza a Tsekapakamwa pamsika akukusa anthu omalizira.

"Bwana, asilikali aja a kuchiboliboli nawonso abwere adzavine."

"Amenewo ali pantchito. Chiboliboli sichikhala chokha."

"Bwana, ndagwira mwendo wanu. Ola limodzi lokha."

"Mayi, inu kamwa lanu ndi limene linakupatsani ndowa. Pitani mukavine."

Anathamanga yekha kukwera msewu uja, koma pachipata wapolisi anamuimitsa, poti msewuwo unali wa nduna zokha. Anakuwa mpaka mawu kusasa. Mvula inameza mawu onse. Anatembenuka akulira n'kutsata miyala yake yomwe.

Pachitundapo anthu zikwi zinayi anali akuvina m'matope, ng'oma zonyowa zikulira ngati zachimfine. Cha m'ma thu koloko masana kunamveka kulindima, ngati malole ambirimbiri akutsitsa miyala nthawi imodzi. Ng'oma zinaleka zokha. Anthu anatembenuka.

Chifuwa cha Ndatopa chinali chikuyenda. Chiboliboli chinaweramira kutsogolo pang'onopang'ono ngati chikufuna kumva zimene anthu akunena, kenako chinasowa. Nyumba za nduna zomwe zinali zisanathe kumangidwa zinaphwanyika ngati mabisiketi. Matope ofiira anadzaza khwawa, miyala yaikulu ikudumpha pamwamba pake, ndipo nthaka ya pachitundapo inanjenjemera pansi pa mapazi a anthu. Msika unapita. Polisi inapita. Denga ndi denga, Tidzaona anamira.

Mwandida sanawerenge mphindi. Maso ake anali pa mzere woyera uja. Mbali yakumadzulo matope anaima pomwepo ngati auzidwa. Yakum'mawa anadumpha mzere n'kutenga nyumba zisanu ndi imodzi zimene iye anaziyesa zachikasu, ndipo anayang'anayang'ana mpaka ataona eni nyumbazo ali pagulupo.

A Kamtengeni anatulutsa kiyi m'thumba la jekete, anamuyang'ana, n'kumubwezeramo.

A Tsekapakamwa anayandikira a Nangozo, nkhope ili mbuu. "Mayi, munadziwa?"

"Ife timangovina, bwana."

Mkulu wa apolisiyo anayang'ana pamene panali ofesi yake, kenako kumtunda kumene kunali asilikali aja. Anavula chipewa.

Mawa lake wailesi inafotokoza zonse bwinobwino. Phiri silinagumuke ayi. Linagwada pamaso pa Mfumu, monga linalumbirira, ndipo chiboliboli chinatsika kukacheza ndi anthu wamba. Asilikali khumi ndi awiri aja anasamutsidwira kuntchito ina. Mfumu inadziveka mendulo chifukwa choona patali polamula gule uja, ndipo yachiwiri inaveka a Musadandaule. A Nangozo analandira nsalu yatsopano, pamodzi ndi chenjezo loti asadzachititsenso gule popanda chilolezo.

Akazi a asilikali aja sanamvetse bwino za kusamutsidwako. Anabwera ndi makasu. Kwa milungu iwiri Mwandida anakhala nawo m'matopemo, kuwalozera kumene mtsinje wa matope ukanatayira katundu wake. Anapeza asanu ndi awiri. Pamaliro m'busa analalikira mosamala kwambiri, ndipo mayi wina wamasiye anafunsa mokweza ngati kuntchito yatsopanoyo amalola akazi kukaona amuna awo. Palibe wapolisi amene anamumva.

Tsiku lina masana, pamisasa ya pachitundapo panaima galimoto yakuda yopanda mbendera. Munatuluka a Ndadyakale atavala magalasi akuda, n'kuitanira Mwandida pambali.

"Mayi, pajatu inu ndinu mwana wanga pantchito. Ndakhala ndikukunenerani zabwino." Anatsitsa mawu. "Nyumba yanga yaikulu ija, ya kuseri kwa phiri. Pamapu anu oyamba aja inali yamtundu wanji?"

"Yobiriwira, bwana. Lamulo likutero."

"Ayi, ndikunena pakati pa inu ndi ine."

"Pakati pa inu ndi ine, bwana, mukundiona koyamba lero."

Nduna inavula magalasi. M'maso mwake munali mofiira ngati munthu amene wakhala akumvetsera mvula masiku ambiri. Mwandida anafuna kungoisiya choncho kuti izidzifunsa yokha mpaka dzinja litathe. Koma anakumbukira kuti m'nyumba za akuluakulu mumakhalanso ophika, ochapa ndi osamalira maluwa.

"Kukumbukira kwanga kumavuta ndikakhala wopanda kompyuta," anatero. "Kumavutanso ndikamaona anthu awa akugona m'misasa pamalo amene mawa wina angawathamangitsepo."

A Ndadyakale anali munthu wochedwa kumva zinthu zambiri, koma chinenero ichi ankachidziwa bwino. Analemba kalata yopereka Chitunda cha Mbuzi kwa anthu a ku Tidzaona, n'kuisayinira paboneti ya galimoto, a Nangozo ataima pambali ngati mboni, manja ali m'chiuno. Analembanso ina yotulutsa kompyuta pa belo.

"Tsopano?"

"Yofiira, bwana. Yofiira kuposa Tidzaona. Ndipo posamuka musaiwale antchito anu."

Mawa lake malole anayi anaoneka akutuluka kuseri kwa phiri, atasenza mipando, mafiriji, nkhanga ndi antchito. Wailesi inati banja la nduna lapita kukapuma kunyanja yamchere. Mlungu usanathe nduna zina zisanu zinamva kutopa komweko, ndipo galimoto zakuda zopanda mbendera zinayamba kuima pamzere pakhomo pa msasa wa Mkulu Wopaka Miyala Laimu.

A Kamtengeni anakhala masiku ambiri osalankhula ndi mwana wawo. Sikuti anakwiya. Ankangokhala pamwala, jekete la kutchalitchi lomwe lija lili m'thupi, kuyang'ana dambo la matope pamene panali nyumba imene anakhalamo ndi mayi ake a Mwandida. Mwandida ankawabweretsera chakudya, iwo n'kulandira ndi manja awiri ngati alandira kwa mlendo.

Mvula itakata, m'mawa wina a Kamtengeni anapeza Mwandida akupukuta fumbi la m'chitokosi pakompyuta yake. Anali atabwereka khasu ndi chingwe.

"Mwandida."

"Bambo."

"Ndikumbe pati?"

Anatuluka nawo. Anayenda limodzi kudutsa misasa mpaka pamalo ena athyathyathya, pamene thanthwe linali pafupi ndi pamwamba ndipo madzi analibe njira. Mwandida anaponda ndi phazi.

"Apa, bambo."

A Kamtengeni anavula jekete, analipinda bwinobwino n'kuliika pamwala. Anayang'ana phiri la Ndatopa, chilonda chake chofiira chili poyera, kenako analavulira m'manja n'kugwira khasu.

"Pano ndiye pabwino," anatero. "Likadzafuna kugwadanso, ife tizidzaonera patali ngati anthu aulemu."